Galu Wometa Maliro

Galimoto inafika ku Zóbuè dzuwa litangosuzumira kuseri kwa phiri, nkhungu isanachoke m'minda ya mbatata. Inali yoyera, ya magalasi akuda, ya mtundu umene anthu a kuno amangouona ukudutsa kupita kumalire. Inaima pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Cremilde, ndipo munatuluka a Jussa, bambo wa ndevu zaimvi ndi kofiya pamutu, amene ali ndi sitolo ku Moatize komanso amanyamula anthu oitanitsa galimoto pasadakhale. Atapereka moni anatulutsa pepala m'thumba la malaya nawerenga mokweza kuti pakhomo ponse pamve: wokwera mmodzi, dzina lake Pipoka, womuperekeza mmodzi, Lúcio mwana wa Gregório, kopita, bwalo la ndege la Chingodzi.

Pipoka anali galu.

Lúcio anaima pakhonde, chipewa chitaphimba mpaka m'makutu, galuyo atatsamira mwendo wake. Panali patatha milungu itatu chiikireni maliro a bambo ake, ndipo m'milungu yonseyo ankayembekeza kuti tsikuli lilephereka, monga mmene linalepherekera kambirimbiri. Koma galimoto inali apo, yotsukidwa bwino, makina oziziritsa akulira pansipansi.

A Gregório anali woumba njerwa ku Bagamoyo, dera la ku Moatize, mpaka pamene zinadziwika kuti dothi limene ankaponda linagona pamwamba pa malasha. Atasamutsidwa anapeza ntchito yosamalira maluwa panyumba ya Dona Suzete, mayi wa ku Brazil amene ankayeza miyala kumgodi. Ndi ntchito imeneyo analowetsa Lúcio kusukulu ya ukachenjede yotchedwa Instituto kukaphunzira za migodi, akuti malasha amene anawachotsa pamalo adyetseko mwana wawo. Mgodi utasintha eni, Dona Suzete anaitanidwa kwawo mwadzidzidzi. Galu wake Pipoka sakanatha kupita naye, pakuti makalata a galu amachedwa kuposa a munthu. Anamusiya m'manja mwa a Gregório akulira, nati ndi miyezi itatu yokha. Miyezi itatuyo inasanduka chaka ndi theka. Galu anabayidwa jekeseni, anatengedwa magazi, magaziwo anatumizidwa kutali, yankho linachedwa, litabwera pepala lina linali litatha mphamvu. Mkati mwa kudikira kumeneko chifuwa cha a Gregório chinakula. Anasamukira ku Zóbuè kwa mlongo wawo Cremilde, kumene mphepo ilibe fumbi, ndipo Lúcio anasiya Instituto m'chaka chachiwiri kuti azikawatembenuza pamphasa.

Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, a Gregório anamuitana mwana wawo. Mawu anali atatha, ankachita kutola limodzilimodzi.

"Galu uyu ndi wa mwini. Ndinalonjeza kuti ndidzam'fikitsa ndekha pakhomo la ndege. Ine ndikalephera, miyendo yanga ndiwe."

Lúcio anavomera, chifukwa munthu wodwala chotero satsutsidwa. Sankadziwa kuti maliro akadzatha, anthu akadzabalalika, Pipoka yekha ndiye adzatsale akuwayembekezabe bambowo. Wina akatsokomola kumsewu, galuyo ankadzutsa makutu ndi kuthamangira kumpanda. Lúcio akaona zimenezo mtima unkamupweteka, koma kupweteka kumeneko ankakufuna. Pakhomo ponse panalibe wina amene anali asanavomereze, koma iwo awiri.

A Jussa anayala pepala la pulasitiki kumbuyo kwa galimoto, nafotokoza kuti pokhala Msilamu, iwo ndi agalu amalemekezana patali, pakuti malovu a galu akawakhudza, kusamba kwake asanapemphere n'kwa ntchito. Anapempha kuti Lúcio akweze yekha khola la pulasitiki limene linatumizidwa kuchokera ku Maputo. A Cremilde anabwera ndi malaya akale a mlongo wawo, aja ankavala pothirira maluwa, nawayala m'kholamo. Galu ananunkhiza malayawo, nalowa yekha osakakamizidwa. Mayiwo anagwada pakhomo pa kholalo ngati akutsanzikana ndi mkulu.

"Muyende bwino, bambo. Mukafika mukanene kuti tinakusungani."

Anatsika phiri magalasi ali otseka. A Jussa anaonetsa Lúcio malamulo amene Dona Suzete analemba patelefoni: mphepo yozizira isazimitsidwe njira yonse, wailesi isalire mokweza, aime kamodzi kuti galu amwe madzi a m'botolo. Anati pa zaka khumi ndi ziwiri ananyamulapo mainjiniya, akwati, ngakhale shehe wochokera ku Nampula, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi malamulo otere. Bwana uyu yekha, anatero akuloza kumbuyo ndi chala chachikulu, ndiye woyamba kukwera osafunsa kuti tifika nthawi yanji.

Lúcio sanaseke. Pamiyendo pake panali chikwama cha makalata a galu, ndipo anachitsekula koyamba. Munali kabuku kabuluu, kolimba chikuto, kokhala ndi chithunzi cha Pipoka atatulutsa lilime. Munali tsiku limene anabadwa, kulemera kwake, mtundu wa ubweya wake, ndi zidindo zisanu ndi ziwiri, china cha dziko limene Lúcio ankangolidziwa pa mapu. Bambo ake anamwalira osadziwa tsiku lenileni limene anabadwa. Chiphaso chawo chinali ndi chithunzi chofufuma moti akanatha kukhala munthu wina aliyense. Anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunagwire, chifukwa atatembenuza tsamba anapeza mzere wa womusunga galu, ndipo pamenepo panali dzina la bambo ake, lolembedwa ndi dzanja lawo, zilembo zitaima motalikirana ngati njerwa zoyanika padzuwa. Analigwira ndi chala nthawi yaitali.

Msewu utatsika m'chigwa, kunja kunasintha. Nthochi zinatha, kunayamba milambe. Amuna okankha njinga zodzaza matumba a makala ankanyezimira thukuta, koma m'galimoto munkazizira ngati m'mawa wa mwezi wa Juni. Pa Kambulatsitsi anaima monga mwa lamulo. Lúcio anatulutsa galu ndi chingwe, nam'thirira madzi a m'botolo m'kambale kachitsulo, ndipo amayi ogulitsa malambe ndi chimanga chootcha anasiya malonda kubwera kudzaona. Atamva kuti galuyo akukakwera ndege, wina anafunsa ngati amuna ake angalowe nawo m'kholamo, pakuti nawonso amadziwa kuuwa. Mnzake anati asavutike, ndege sinyamula agalu opanda makalata, ndipo amuna amenewo ngakhale kalata ya ukwati alibe.

Pamenepo ndi pamene a Jussa, ataima patali ndithu, anaona pamutu pa galuyo. Pakati pa makutu panali bwalo loyera, lalikulu ngati chikhatho cha mwana, pamene ubweya unali utangoyamba kuphuka. Anafunsa ngati bwana anapsa ndi moto.

Lúcio anafotokoza ali m'njira. Tsiku loika maliro galu anatsatira bokosi mpaka kumanda, ndipo anthu atabwerera iye anatsala. Anagona pamtumbira, osadya, osamwa. M'mawa wa tsiku lometa, achibale atakhala pamzere kuseri kwa nyumba kudikira lumo, galuyo anatulukira kuchokera kumanda, dothi lofiira lili pamimba ponse, nakhala pamzerepo pakati pa Lúcio ndi azakhali ake. Anam'thamangitsa, anabwerera. Anam'genda, anabwereranso pamalo omwewo. A Nicolau, mdzukulu wa pamaliropo amene ankameta anthu, anayamba nthabwala zawo zija, akuti taonani mphwake wa malemu wafika kudzalowa chokolo. Anthu anaseka. A Cremilde okha sanaseke. Anati galuyo walira kuposa ena amene akhala pamzerepo, ndipo wolira akapanda kumetedwa maliro samuchoka m'thupi. A Nicolau ananyowetsa pamutu pa galu ndi madzi omwewo, nameta ndi lumo lomwelo, galu ali phee, maso ali kumanda. Madzulo ake galuyo anadya.

A Jussa anagwedeza mutu, maso ali pamsewu. Kenaka anati Mulungu analenga zambiri zimene sanatiuze.

Moatize anayamba kuoneka asanafikeko. Kumanzere kwa msewu kunaima mapiri amene Lúcio ali mwana kunalibe, mapiri akuda a dothi lofukulidwa kumgodi, osalala pamwamba ngati anachita kudula ndi mpeni, opanda mtengo ngakhale umodzi. Pamwamba pake pankayenda magalimoto ooneka ngati nyerere, koma iye anaimapo pafupi ndi imodzi ali ku Instituto, ndipo ankadziwa kuti tayala lake lokha limaposa denga la nyumba. Sitima ya malasha inawadutsa, yaitali moti mutu wake unali utabisika kale pamene mchira unali usanaoneke. Ankadana nawo malowa, komabe nthawi zonse akawaona ankalephera kuchotsapo maso. Anthu anatembenuza dziko, za pansi kuziika pamwamba. Penapake mkati mwa zimenezo munali dambo limene bambo ake ankapondapo dothi, iye atawakwera paphewa.

Atadutsa pachipata cha Instituto, anyamata ovala zipewa zoyera zolimba anali kukwera basi. Lúcio anazindikira awiri a m'kalasi mwake. Anatsetsereka pampando, ngakhale ankadziwa kuti magalasi akuda sawaonetsa za m'kati.

Ku Chingodzi sanalowere khomo la anthu. Anawalozera kumbali, kunyumba ya katundu, kumene kunali sikelo yaikulu ndi tebulo lachitsulo. Kumeneko anawalandira dotolo wa ziweto, mayi wachitsikana wovala chovala choyera, dzina lake Délcia litalembedwa pachifuwa. Ankayankhula Chipwitikizi chofulumira cha muofesi. Anawerenga makalata tsamba ndi tsamba, anayeza galu pasikelo, anamuyang'ana mano ndi m'maso. Kenaka anatenga kachipangizo konga chikombe, nakayendetsa pakhosi pa Pipoka. Kanalira kamodzi, ndipo pagalasi pake panatuluka manambala ambiri, omwewo amene anali m'kabuku kabuluu.

Lúcio anafunsa kuti manambalawo achokera kuti. Dotolo anati ali m'thupi mwa galuyo, m'kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, kamene anamuika ali mwana, ndipo kulikonse padziko lapansi akam'funsa motero adzayankha chimodzimodzi. Lúcio anagwira pakhosi pa galu. Chaka ndi theka wakhala akukanda pamenepo, bambo ake akukanda pamenepo, galu akugona paphulusa ndi kuthamangitsa nkhuku za ku Zóbuè, dzina lake lenileni lili chete pansi pa khungu, kudikira womufunsa.

Dotolo anali atatenga kale chidindo pamene anaona bwalo lija pamutu. Anachibweza patebulo. Anavala magolovesi, anapendeketsa mutu wa galu, nkhope yake itasintha. Anati ubweya ukathothoka mozungulira chotero kawirikawiri ndi chipere kapena mphere, ndipo iye sangasayine kuti galu ali bwino. Ayenera kutsala, apalidwe khungu, liyezedwe. Yankho likamabwera, kalata ya ulendo, imene imakhala ndi mphamvu masiku khumi okha, idzakhala itafa, ndipo zambiri zidzayambiranso poyamba. Mwina miyezi, mwina kuposa. Anafunsa ngati alipo akudziwa kuti bwaloli linayamba liti.

Mtima wa Lúcio unadumpha ngati mwana wa mbuzi. Sanafunike kunama. Kungokhala chete, basi. Akanatha kubwerera kumanda a bambo ake n'kunena kuti ndinam'fikitsa pakhomo la ndege monga munanenera, eni ndege ndiwo anakana. Madzulo omwewo Pipoka akanakhala atagona pamapazi ake, makutu ali tcheru kumsewu. Dona Suzete ali ndi nyanja, ali ndi nyumba yosanja, angathe kugula galu wina. Iye ali ndi chiyani? Anayang'ana pansi. Galu anali kumuyang'ana, mchira ukusesa simenti pang'onopang'ono.

A Jussa anali ataima pakhomo, manja kumbuyo. Sanayandikire, ndipo sanauze dotolo zimene ankadziwa. Anangoyankhula motsitsa, m'chinenero cha kwawo.

"Mwana wa Gregório, dotolo akufunsa iwe."

Dzina limenelo ndi limene linamugwira. Anakumbukira zilembo zija zoima ngati njerwa. Bambo ake sanaumbepo njerwa yokongola kunja, yaiwisi m'kati. Ankati yotero imagwetsa nyumba mwini ataiwala kale amene anamugulitsa.

Lúcio anakweza dzanja navula chipewa.

Mutu wake unali wometedwa, tsitsi litangophuka, lalifupi ngati udzu wa mvula yoyamba. Anagwada pambali pa galu, mitu iwiri ili pafupi, kuti dotolo aone yekha.

"Si matenda, a dotolo. Ndi lumo. Tinametedwa tsiku limodzi, ine ndi iyeyu. Bambo anga ndiwo ankamusunga."

Dotolo Délcia anayang'ana mutu wa munthu, nayang'ana mutu wa galu. Anafunsa kuti abwerezenso, ndipo Lúcio anafotokoza zonse, za mtumbira, za mzere, za azakhali ake. Pamene dotoloyo anayankhulanso sichinali Chipwitikizi. Anayankhula Chinyungwe, chapansipansi, ngati ali pakhomo pa amayi ake. Anati kwawo nakonso amameta, iye mwini anametedwapo ali wamng'ono, koma za galu sanamvepo chibadwire.

Komabe sanakhulupirire mawu okha. Anazimitsa nyali ya m'chipindamo, nawalitsa kanyali kabuluu pamutu pa galu. Anapala pang'ono ndi kagalasi, nakayang'ana pa makina ake nthawi imene kwa Lúcio inali ngati tsiku lathunthu. Atabwerera anati khungu ndi loyera, ubweya ukumera wofanana mbali zonse, ndipo m'mphepete muli kachipsera kowongoka, pamene dzanja la wometa linaterereka. Anawonjeza kuti mdzukulu ameneyo asamapatsidwe mitu ya anthu atamwa.

Vuto linatsala limodzi. Ku Maputo, kumene galu adzasinthire ndege, adzaona bwaloli, kutsidya kwa nyanja adzalionanso, ndipo kumeneko kulibe amene adzavule chipewa. Payenera kulembedwa chifukwa. Dotolo anakhala pansi, cholembera chili m'mwamba, akuti m'mabuku onse amene anaphunzira mulibe mawu a zimenezi. Kenaka analemba pamzere wa ndemanga, akuwerenga mokweza: wametedwa ndi lumo pa mwambo wa maliro, khungu lilibe matenda. Anaima, nayang'ana Lúcio.

"Malemuwo dzina lawo lonse ndani?"

Lúcio anatchula. Dotolo analemba dzinalo lonse, nadindapo chidindo cha boma, nasayina.

Nthawi yotsanzikana inali yaifupi kuposa mmene ankaganizira. Galu analowa m'khola, anazungulira kawiri, nagona pamalaya aja. Lúcio analowetsa zala pawaya, galu anazinyambita. Posakhalitsa amuna awiri ovala malaya owala anali atanyamula kale kholalo kuliika pakangolo ka katundu.

A Jussa anati sabwerera asanaone bwana wawo atanyamuka. Anaimika galimoto kunja kwa mpanda wa waya, pamene bwalo lonse limaonekera. Lúcio anali asanaionepo ndege pafupi chotero. Ankaidziwa ngati kamtanda koyera kodutsa pamwamba pa minda. Apa inali chinyumba chathunthu, chachitali kuposa tchalitchi cha ku Zóbuè, mpweya ukuvina kuseri kwa mapiko ake. Anaona kholalo likukwera palamba, laling'ono ngati bokosi la machesi, likulowa m'mimba mwake. Chitseko chinatsekeka.

Ndege inayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa bwalo, inatembenuka, niima ngati ikuganiza. Kenaka inabangula. Phokosolo Lúcio sanalimve ndi makutu okha, linamulowa m'mapazi, m'mimba, m'mano. Waya umene anagwira unanjenjemera. Chinthu cholemera chotero chinathamanga kuposa chilichonse chimene anachionapo, ndipo pamene iye ankati sichingatheke, mphuno inadzuka, matayala anasiya nthaka. Pansi pake panaoneka kuwala. Inakwera pamwamba pa milambe, pamwamba pa mapiri akuda aja, amene tsopano anaoneka aafupi, inapendekera kumene kuli Zambezi, dzuwa linang'anima paphiko limodzi.

M'menemo munali malaya othiririra maluwa. Munali pepala lodindidwa, limene anthu a m'maofesi a kutali, anthu amene sanamvepo za Bagamoyo, adzalitsekule n'kuwerenga kuti kunali munthu dzina lake Gregório, anamwalira, ndipo analiridwa. Bambo amene sanapitirirepo mlatho wa ku Tete anali kuwoloka nyanja.

Anayang'anabe mpaka kadontho kanasungunuka m'mtambo. Pamenepo ndi pamene anazindikira kuti nkhope yake yanyowa, ndi kuti chingwe cha galu chatsala m'dzanja lake.

A Jussa anamusiya kanthawi. Kenaka anapinda pulasitiki uja ndi nsonga za zala, natsekula chitseko cha kutsogolo. Atalowa anazimitsa makina oziziritsa, natsitsa magalasi onse, akuti bwana wapita, tsopano ayende ngati anthu. Mphepo yotentha ya ku Moatize inalowa ndi fumbi lake. Lúcio anaika chipewa pabondo, chingwe pamwamba pake, nasiya mutu uli pamtunda, dzuwa likuuwotcha njira yonse yokwera ku Zóbuè.